Kasankhidwe ka Zoikamo Mafuta Odzola Olimba Opangidwa Pakhomo

Mafuta odzola olimba amaumbidwa ngati tabuleti ya sopo, koma ntchito yake ndi kudzola. Munthu amafumbata tabuletiyo m'manja, kutentha kwa thupi kumasungunula pang'ono pamwamba pake, ndipo akatero amaisisita pakhungu louma. Ambiri amawapanga posungunulira pamodzi zinthu zitatu zolemera mofanana: phula la njuchi, batala wochokera ku zomera monga shea kapena koko, ndi mafuta amadzimadzi monga a kokonati, a olivi, a amondi kapena a jojoba. Ntchito yopangayo sitenga nthawi yaitali. Chimene chimasautsa anthu ambiri ndi funso limene amalikumbukira mochedwa, matabuleti atauma kale patebulo, lakuti awaika m'chiyani.

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa moto usanayatsidwe. Choikamo ndicho chimalamula kukula kwa chikombole, kuchuluka kwa phula, ngakhalenso kutentha kumene mafutawo ayenera kukhala nako pa nthawi yothira. Amene wayamba ndi kugula chikombole chokongola cha maluwa kenako n'kumayendayenda kufunafuna chitini choti tabuleti yake ikwanemo, nthawi zambiri amathera posenga m'mbali mwa tabuletiyo ndi mpeni, ndipo kukongola konse kuja kumathera m'zosengazo.

Yambani ndi kudziwa chimene mukuteteza

Tabuleti imeneyi inapangidwa dala kuti isungunuke ikakhudza khungu, choncho mdani wake woyamba ndi kutentha. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64 pa muyezo wa Celsius, batala wa koko amasungunuka pafupi ndi kutentha kwa thupi la munthu, pa madigiri 34 mpaka 38, pamene mafuta a kokonati amasanduka amadzimadzi akangofika pa madigiri 24. Zitatuzi zikasakanikirana, tabuleti simasanduka madzi nthawi imodzi, koma imayamba kufewa kutentha kusanafike n'komwe pa mlingo wosungunula phula. Imayamba kunata, kenako imataya maonekedwe ake, kenako mafuta amadzimadzi aja amayamba kutuluka ngati thukuta. M'galimoto yoimikidwa padzuwa mawindo ali otseka kutentha kumapitirira madigiri 50 mosavuta, ndipo tabuleti yoiwalidwa mmenemo ikhoza kupezeka itaphwa pansi pa choikamo chake.

Mdani wachiwiri ndi mpweya pamodzi ndi kuwala. Mafuta a zomera akakhalitsa akukhudzana ndi mpweya wa okosijeni amawonongeka pang'onopang'ono, fungo lake limasintha n'kumamveka ngati la penti wakale, ndipo kuwala ndi kutentha zimafulumizitsa kuwonongekako. Vitamini E amene ena amathirako amachedwetsa zimenezi, koma saziletsa kotheratu. Wachitatu ndi madzi. Popeza m'tabuleti mulibe madzi, tizilombo toyambitsa chuku sitipezamo malo okulira, n'chifukwa chake opanga ambiri sathiramo mankhwala otetezera kuwola. Koma madzi akalowa m'choikamo n'kukhala pansi pa tabuleti, chitetezo chimenechi chimachepa. Wachinayi ndi fumbi ndi timaulusi, zimene zimamatirira pa chinthu cha mafuta ndipo sizichoka pokhapokha mutapala pamwamba ponse.

Palinso mbali ina imene imaiwalika, yakuti choikamo chimatetezanso zinthu zina ku tabuletiyo. Mafuta akadontha m'chikwama amasiya banga pa nsalu, pa buku kapena pa chikopa, ndipo banga la mafuta pa pepala silichoka.

Ganizirani kumene tabuletiyo ikakhale

Musanayang'ane choikamo chilichonse, dzifunseni kuti tabuletiyo izikhala kuti tsiku ndi tsiku. Yokhala pambali pa bedi ifunika kambale kokhala ndi chivundikiro basi. Yoyenda m'chikwama cha m'manja ifunika chotsekera chosatseguka chokha chikagundana ndi makiyi. Yokhala m'bafa ifunika choikamo chosachita dzimbiri. Yodzola kuzidendene ndi m'zigongono imakhala bwino m'chubu, popeza munthu amadzola osaigwira ndipo m'manja mumakhalabe mouma. Ngati mukupangira munthu wachikulire amene zala zimamuvuta, kumbukirani kuti chitini chaching'ono chosalala, chogwiridwa ndi manja a mafuta, n'chovuta kutsegula ngakhale kwa munthu wamphamvu zake.

Yankho la funso limeneli limakufikitsani pa mphambano. Njira imodzi ndi yothira mafuta osungunuka m'chikombole cha silikoni, kudikira kuti aume, kenako kuchotsa tabuleti n'kuiika m'choikamo chake. Njira ina ndi yothira mwachindunji m'choikamo chimene chidzagwiritsidwe ntchito, monga chubu. Pa njira yoyamba chofunika kwambiri ndi muyezo, pa yachiwiri chofunika kwambiri ndi kupirira kutentha. Ena amathira mwachindunji m'chitini, koma pamenepo tabuleti imamatirira ndipo simatuluka, choncho wodzolayo amachita kukanda ndi chala. Ngati mwasankha kutero, chepetsani phula kuti mafutawo afewe, apo ayi chala chizingotsetsereka pamwamba osatenga kanthu.

Zitini, ndi mmene mungayezere

Chitini chozungulira chachifupi ndicho choikamo chimene ine ndimachiika patsogolo pa tabuleti youmbidwa m'chikombole. Kuwala sikulowamo, sichisweka chikagwa, n'chopepuka, ndipo tabuleti ikatha mumangoikamo ina. Zitini zimenezi zilipo za mitundu iwiri, za aluminiyamu ndi za chitsulo chokutidwa ndi tini. Kuzisiyanitsa n'kosavuta: maginito amamatirira pa chachitsulo koma pa cha aluminiyamu samatirira. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija, koma ndi wofewa ndipo amatifuka msanga. Chitsulo n'cholimba, koma chikakandika kapena chikakhala pachinyezi chimachita dzimbiri, makamaka m'mphepete mopindidwa momwe madzi amabisala. Dzimbiri silingodetsa tabuleti kokha, popeza chitsulo ndi kopa zimafulumizitsa kuwonongeka kwa mafuta. Pa chifukwa chimenechi, tabuleti yokakhala m'bafa iikidwe mu aluminiyamu, ndipo zoikamo za kopa kapena za mkuwa zosakutidwa m'kati muzipewe ngakhale zikhale zokongola chotani.

Zotsekera nazo zimasiyana. Chotsekera chongokanikiza chimatseguka msanga, zomwe ndi zabwino patebulo koma zoipa m'chikwama. Chotsekera cha mazinga, chochita kupotokola, chimagwira bwino, ndipo zambiri zimakhala ndi kachidutswa kofewa m'kati kamene kamachepetsa kudontha. Komabe musakhulupirire kuti chitini cha mazinga chingasunge mafuta osungunuka chitagona cham'mbali kwa maola ambiri, chifukwa mafuta otentha amapeza njira m'mazingamo. Zitini zamakona anayi zotsegula mokoka chivundikiro cham'mbali zimaoneka bwino, koma zimadontha mosavuta kuposa zonse.

Tsopano tengani rula. Muyezo umene ogulitsa amalemba nthawi zambiri ndi wa kunja kwa chitini, pamene inu mukufuna wa m'kati, ndipo osati wa pansi koma wa pakamwa, chifukwa zitini zambiri zili ndi mlomo wopindikira m'kati umene umachepetsa khomo ndi mamilimita awiri kapena atatu. Ine ndinaphunzira zimenezi nditaumba matabuleti khumi ndi awiri a mamilimita 60 m'mimba mwake, ndili ndi zitini zolembedwa mamilimita 62. Tabuleti iliyonse inakakamira pamlomo, ndipo imene ndinaikankha mwamphamvu inalowa itasupuka m'mbali, koma kutuluka inakana mpaka nditaiboola ndi supuni. Kuyambira pamenepo ndimasiya mpata wa mamilimita awiri kapena atatu mbali iliyonse, kutanthauza kuti tabuleti ya mamilimita 60 ifunika khomo la mamilimita 64 mpaka 66. Mpata ukachepa tabuleti situluka, ukachulukanso imangogubuduka m'kati, n'kumapaka mafuta m'makoma ndi kubenthuka m'mphepete.

Yezaninso kuya kwake. Pakati pa tabuleti ndi chivundikiro pakhale mpata wa mamilimita awiri kapena kuposerapo, makamaka ngati tabuletiyo ili ndi chithunzi chotukuka pamwamba monga duwa kapena chisa cha njuchi. Chivundikiro cha mazinga chikakhudza chithunzicho chimachipera nthawi iliyonse imene mukutseka. Mayeso osavuta ndi awa: ikani tabuleti m'chitini, chitembenuzeni pachikhatho, ndipo tabuletiyo igwe yokha popanda kugogoda. Ikamakakamira pansi, dulani kapepala kozungulira kosalowa mafuta, ka mtundu umene amayala m'ziwiya zophikira mu uvuni, n'kukayala pansi pa chitini. Ena amadula kalamba ka pepala lomwelo n'kukagoneka mopingasa pansi pa tabuleti, nsonga zake zitatulukira mbali ziwiri, kuti wodzola azingokoka nsongazo tabuleti n'kunyamuka.

Chofooka cha chitini n'chakuti chitsulo chilichonse chimatenga kutentha msanga. Chitini chosiyidwa pawindo lolowa dzuwa chimasanduka kapoto, ndipo chakuda chimatentha msanga kuposa chowala.

Machubu a pulasitiki ndi a katoni

Chubu chopotokola pansi, chonga cha mankhwala oletsa fungo la m'khwapa, n'chabwino kwa anthu amene safuna mafuta m'manja. Popeza mumathiramo mafuta akadali otentha, yang'anani kachizindikiro ka makona atatu kamene kamadindidwa pansi pa zinthu za pulasitiki, kokhala ndi nambala pakati. Dongosolo la manambala amenewa linayamba mu 1988, ndipo limasonyeza mtundu wa pulasitikiyo. Nambala 5, imene nthawi zina imalembedwa kuti PP, ndiyo yoyenera kwambiri, chifukwa pulasitiki imeneyi simasungunuka mpaka pa madigiri pafupifupi 160 ndipo imapirira mafuta. Nambala 2 nayonso imapirira. Nambala 1, imene ndi PET ya mabotolo oonekera m'kati, imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 70, ndipo mafuta ongochoka pamoto akhoza kuikhwinyatitsa inu mukuona. Nambala 6 muipewe ngati mwathira mafuta a fungo ochokera ku zomera, makamaka a makoko a mandimu ndi malalanje, popeza mwa iwo muli mankhwala achilengedwe otchedwa limonene amene amadya pulasitiki imeneyi. Chubu chosadindidwa nambala iliyonse chiyesedwe chimodzi kaye musanadzaze zonse.

Pothira m'chubu, potokolani kaye mpaka kambale ka m'kati katsikire pansi penipeni. Dikirani kuti mafuta azizireko pang'ono, afike pa madigiri 65 mpaka 70, akadali amadzimadzi koma osati otentha kwambiri. Thirani pang'ono pokha kuti atseke timipata ta pansi, dikirani mphindi zochepa kuti agwirane, kenako dzazani. Mafuta akamauma amafota, ndipo pakati pamachita kadzenje motsatira kamtengo ka mazinga kamene kali m'katimo. Sungani otsala pang'ono ali ofunda kuti muthire pamwamba kadzenjeko kakaoneka. Mafuta a m'chubu ayenera kukhala olimbirako, chifukwa akafewa kwambiri kamtengo ka mazinga kamangozungulira m'kati osawakweza.

Machubu a katoni okankha ndi chala kuchokera pansi akukondedwa ndi anthu amene akufuna kuchepetsa pulasitiki, ndipo cholinga chimenecho n'chabwino. Koma katoni ndi pepala, ndipo pepala limamwa mafuta. Machubu abwino amakutidwa m'kati ndi pepala losalowa mafuta kapena ndi phula, komabe mafuta otentha kwambiri amalowerera m'mphepete mwa kambale ka pansi n'kusiya mabanga akuda kunja. Thirani mafuta atazizira kufikira pamene atsala pang'ono kuyamba kuchita mbuu m'mbali mwa jagi, ndipo onjezerani phula pa kasakanizidwe kanu kuti mafuta amadzimadzi asamatuluke pambuyo pake. Chubu cha katoni chamtundu woderako chimabisa mabanga kuposa choyera. Dziwaninso kuti kambale ka pansi sikakhala ndi mazinga, choncho wodzola amachita kukagwira ndi chala kuti mafuta asabwerere m'kati, ndipo chubu chotere sichifuna m'bafa ngakhale pang'ono. Katoni wokutidwa ndi pulasitiki m'kati, kapena amene wamwa mafuta, kawirikawiri salandiridwa kumalo okonzanso mapepala, choncho musalonjeze anthu zambiri za ubwino wake musanadziwe chimene anakutira m'katimo.

Zokulungira ndi galasi

Ngati tabuleti ndi yongowonjezera m'chitini chimene munthu ali nacho kale, pepala lokulungira ndi lokwanira. Pepala losalowa mafuta ndilo loyenera kukhudza tabuleti, ndipo pepala lokongoletsa kapena kabokosi ka katoni zibwere kunja kwake. Pepala lopakidwa phula limagwira ntchito pamalo ozizira, koma kukatentha phula lake limafewa n'kumatirira ku tabuleti. Pepala lopyapyala lokulungira mphatso, nyuzipepala ndi pepala lililonse losindikizidwa zisakhudze mafuta, chifukwa mafuta amasungunula inki ndi utoto n'kuzisamutsira pa chinthu chimene chikupita pakhungu. Timatumba ta nsalu timaoneka bwino pa tsiku loyamba lokha, kenako timadzaza mabanga, tabuleti n'kumera ubweya wa timaulusi. Ngati mumatikonda, kulungani kaye tabuleti m'pepala losalowa mafuta musanaiike m'kathumbako. Pomata pepala lokulungira, selotepi wamba amakakamuka mafuta akangomufika, choncho n'kwabwino kumanga ndi kachingwe kapena kuzunguliza lamba wa pepala amene nsonga zake zimamatana zokhazokha.

Galasi silisintha ndi mafuta a mtundu uliwonse, ndipo lofiirira limatchinga kuwala, koma ndi lolemera ndipo limasweka. Manja a mafuta ndi botolo la galasi pa simenti ya m'bafa sizigwirizana. Ngati mukuthira mwachindunji m'kabotolo ka galasi kokamwa kwakukulu, kafunditseni kaye, popeza galasi lozizira likhoza kung'aluka likalandira mafuta otentha mwadzidzidzi.

Mamililita si magalamu

Zoikamo zimagulitsidwa potchula mamililita, pamene matabuleti timawayeza pa sikelo m'magalamu, ndipo ziwirizi sizifanana. Mafuta ndi opepuka kuposa madzi, kotero kuti mililita imodzi ya mafuta osakanizawa imalemera pafupifupi magalamu 0.9. Chubu cha mamililita 75 chimalandira magalamu pafupifupi 68 chikadzaza mpaka pakamwa. Chikombole chozungulira cha masentimita 6 m'mimba mwake ndi masentimita 2 kuya kwake chimalandira mamililita pafupifupi 56, ndipo chimatulutsa tabuleti ya magalamu 50 kapena kuposerapo pang'ono. Kuti mudziwe kukula kwa chikombole chimene mulibe muyezo wake, chiikeni pa sikelo, dzazanimo madzi, werengani magalamu a madziwo, kenako chulukitsani ndi 0.9. Mukatero mudziwa kuti magalamu 500 a mafuta osakaniza akupatsani matabuleti angati, ndipo mugula zoikamo zokwanira. Ogulitsa ena amalemba kukula kwa zitini mu ma ounce, ndipo ounce imodzi ya zamadzimadzi ndi mamililita pafupifupi 30, choncho chitini cha ma ounce awiri ndi cha mamililita pafupifupi 60. Kumbukirani kuti tabuleti youmbidwa padera sidzaza chitini chonse chifukwa cha mpata uja, ndiye tabuleti ya magalamu 50 kawirikawiri imafuna chitini chokulirapo kuposa cha mamililita 60.

Kwa ine tabuleti ya magalamu 30 mpaka 50 ndiyo yabwino. Imakwana m'chikhatho, ndipo imatha isanayambe kusintha fungo.

Yesani chimodzi musanagule zambiri

Apa ndi pamene anthu ambiri amafulumira, chikhalirecho ndi pamene pamapulumutsa ndalama ndi ntchito. Gulani zoikamo zitatu za mtundu uliwonse umene mukuganizira, ikanimo mafuta anu enieni, a kasakanizidwe komweko ndi fungo lomwelo, ndipo matanipo kapepala ka dzina kamene mukufuna kudzagwiritsa ntchito. Chimodzi chiikeni pamalo otentha kwambiri m'nyumba, chitagona cham'mbali pa pepala loyera, ndipo chikhale pamenepo tsiku lathunthu. Banga lililonse pa pepalalo likuuzani kuti chotsekeracho sichigwira. China chiyende nanu m'chikwama kwa sabata imodzi pamodzi ndi makiyi ndi zolembera, n'kuona ngati chatseguka, chatifuka kapena chakandika. Chigwetseni pansi kuchokera pa msinkhu wa tebulo. Dzolani mafutawo m'manja, kenako yesani kutsegula ndi kutseka ndi manja omwewo. Chachitatu chisiyeni pa shelefu kwa milungu inayi, kenako chitseguleni, chinunkhizeni, ndipo yang'anani ngati pulasitiki yafewa kapena yachita mbuu, ngati katoni wachita mabanga, kapena ngati m'mphepete mwa chitini mwayamba dzimbiri.

Pa mayeso a kutenthawa mudzaonanso chinthu china. Batala wa shea akasungunuka pang'ono kenako n'kuuma pang'onopang'ono amachita timchenga tomveka pakhungu, ndipo batala wa koko amachita mawanga oyera pamwamba monga amachitira chokoleti chimene chinatenthedwa n'kuziziranso. Zimenezi sizitanthauza kuti mafutawo awonongeka, koma maonekedwe ndi kusalala kwake zimachepa. Zikachitika pa mayeso anu, dziwani kuti zidzachitikanso m'manja mwa amene mudzamupatse, ndipo muyenera kuwonjezera phula kapena kusankha choikamo chosatenga kutentha msanga.

Kuyeretsa ndi kulongedza

Zoikamo zatsopano sizikhala zoyera kwenikweni, popeza zimabwera ndi fumbi la kufakitale ndi timafuta ta makina. Tsukani zitini, mabotolo ndi machubu a pulasitiki ndi madzi ofunda a sopo, tsukuluzani bwino, kenako zisiyeni ziume kotheratu zili zotsegula, makamaka m'mazinga ndi pansi pa mlomo. Zikauma, pukutani m'kati ndi spiriti wa isopropyl wa mphamvu ya 70 peresenti, n'kudikira kuti auluke yense. Machubu a katoni sasambitsidwa, amangopukutidwa ndi nsalu youma yosathothoka ulusi. Zitini zakale mukhoza kuzigwiritsanso ntchito ngati zilibe dzimbiri ndipo fungo la zimene zinalimo latha, koma chimene munali mankhwala, polishi kapena penti chisalandire chinthu chodzola.

Tabuleti isalowe m'choikamo ikadali yofunda. Kuiziziritsa msanga m'firiji kumathandiza kuti batala wa shea asachite timchenga, koma yochokera m'firiji imachita mame pamwamba ikakumana ndi mpweya wofunda. Mukaitsekera m'chitini pa nthawi imeneyo mwatsekera madzi pamodzi nayo. Isiyeni pa pepala loyera, yovundikiridwa pang'ono kuti fumbi lisagwerepo, mpaka mame aume ndipo ifanane kutentha ndi chipinda. Machubu nawonso asatsekedwe mpaka atazizira kotheratu. Polongedza valani magolovesi, chifukwa chala chofunda chimasiya chidindo chake pa tabuleti nthawi yomweyo.

Kapepala ka dzina

Kapepala kamatidwe choikamo chisanakhudzane ndi mafuta, kapena chitapukutidwa ndi spiriti, chifukwa guluu sagwira pa malo a mafuta. Pepala wamba losindikizidwa ndi inki yamadzimadzi limafufutika likagwiridwa kangapo ndi manja odzola, choncho sankhani timapepala ta pulasitiki tosalowa mafuta ndi madzi, kapena phimbani pepala wamba ndi tepi yoonekera m'kati. Pa chitini chozungulira, kapepala kachepe ndi mamilimita angapo poyerekeza ndi malo osalala a chivundikiro, kuti m'mphepete mwake musatukuke. Dzina likhale pamwamba, zina zonse zikhale pansi pa chitini pamene zala sizifikapo kawirikawiri.

Ngakhale tabuletiyo ikhale ya mphatso chabe, lembani dzina la chinthucho, zonse zimene mwasakaniza kuyambira chochuluka mpaka chochepa, kulemera kwake m'magalamu, tsiku limene munapanga, ndi chenjezo lakuti isungidwe pamalo ozizira. Mndandanda wa zosakaniza ndi wofunika kwa anthu amene thupi lawo limadana ndi zinthu zina, monga mafuta a amondi kapena mafuta a fungo. Lembaninso kuti si chakudya. Tabuleti ya batala wa koko imanunkhira ngati chokoleti, ndipo ikaumbidwa ngati kamtima n'kukulungidwa m'pepala lonyezimira, mwana wamng'ono alibe njira yodziwira kuti si switi. Pa chifukwa chomwechi sindikonda kuika mafuta odzola m'zoikamo zimene anthu anazolowera kuonamo zakudya.

Amene akufuna kugulitsa afufuze malamulo a zodzoladzola a dziko limene akugulitsako, popeza amasiyana. M'mayiko a European Union, mwachitsanzo, lamulo la nambala 1223/2009 limafuna kuti chodzola chiunikidwe chitetezo chake chisanagulitsidwe, ndipo zosakaniza zimalembedwa m'mayina a INCI, dongosolo limene mayiko ambiri amatchulira zosakaniza za zodzoladzola, momwe phula la njuchi ndi Cera Alba, batala wa shea ndi Butyrospermum Parkii Butter, ndipo mafuta a kokonati ndi Cocos Nucifera Oil. Mayina amenewa ndi aatali, ndipo amafuna malo. Chitini chaching'ono kwambiri chikhoza kukwana tabuleti koma osakwana zolemba zake, choncho lembani kapepalako papepala wamba, mudule pa muyezo wake, n'kuona ngati kakuwerengeka musanagule zitinizo. Pa kapepala komweko ikaniponso nambala ya ulendo umene munapanga matabuletiwo, ndipo nambalayo muilembenso m'kope lanu pamodzi ndi kasakanizidwe ndi mtundu wa choikamo, kuti wina akadandaula za kudontha kapena fungo mudziwe pofufuza.

Potumiza kutali

Tabuleti yotumizidwa pa mtokoma imadutsa m'magalimoto ndi m'nyumba zosungiramo katundu momwe inu simungalamulire kutentha. Ikulungeni m'pepala losalowa mafuta isanalowe m'chitini, zungulizani tepi pamene chivundikiro chikumana ndi chitini, kenako ikani chitinicho m'kathumba kotsekeka kuti mafuta akadontha asafike pa katundu wina. M'bokosi zitini zikhale chogona chafulati, chivundikiro chili m'mwamba, ndipo mipata yonse idzazidwe ndi mapepala okwinya kuti zisagundane, popeza mapepalawo amachedwetsanso kutentha kulowa. Tumizani kumayambiriro kwa sabata kuti phukusi lisagone masiku opuma m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo m'miyezi yotentha kwambiri onjezerani phula pang'ono pa kasakanizidwe kanu. M'bokosimo ikanimo kapepala kouza wolandirayo kuti ngati chitini chafika chili chofunda asachitsegule msanga, koma achiike m'firiji chili chafulati kwa ola limodzi, kenako achisiye patebulo mpaka mame a kunja kwake aume asanapotokole chivundikiro.